Chingwe cha samurai chaduka, achemwali

Achemwali anga Asiyatu, lero chingwe chija chandidukira m'manja. Ndinatembenuka kuti ndikuitaneni, kuiwala kuti patha chaka chikuikireni m'manda.

Mukukumbuka tsiku langa loyamba pantchito m'nyumba ino ku Al Barsha, kuno kudziko la Aluya? Nditalowa pabalaza ndinakuwa, poona chinthu chitakhala pabokosi ngati munthu, nkhope yachitsulo yandevu, chisoti cha nyanga. Inu munaseka mpaka misozi. Munati, "Iwe Mariamu, mulibe munthu umo! Ndi zovala zankhondo za asamurai a ku Japan, zamakedzana. Bwana amazikonda kuposa galimoto zawo." Kenako munandigwira dzanja n'kumaliyendetsa ndi kaburashi kofewa pa timapale tachitsulo tolukidwa ndi zingwe za silika. Munandionetsa chingwe china chapaphewa chomwe chinali chitayamba kutha. "Apa osathira madzi, osafulumira. Madam akamati yalla yalla pokufulumizitsa, iwe uzingovomera, koma dzanja lizipita pang'onopang'ono."

Ndakhala ndikusamala, achemwali, Mulungu ndi mboni. Koma lero ndikupukuta, chingwe chija chinaduka, kaphale kapaphewa kali lende. Bwana afika madzulo ano. Akati khalas, ntchito yatha, nyamula katundu, ana anu awiri aja ndiwalera ndi chiyani? Inu mukanadziwa mawu owauza.

Ndinathamangira kuchipinda n'kuimba nambala yanu, ngakhale ndikudziwa kuti simungayankhe. Inalowa, achemwali. Anayankha bambo wina m'Chihindi, mwini wake watsopano wa nambalayo, ndipo ndinamupempha kuti asadule msanga.