Mapepala Okulungira Ngumbi

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Yandibwerera sabata yatha kuno kutsidya la nyanja ku Ellenbrook, mdzukulu wanga Tadala akundifotokozera ndakatulo zimene akuphunzira kusukulu. Akuti anazilemba mayi wina wakalekale wa mpingo wa Apyuritani, wokhwimitsa malamulo, ndipo mlamu wake anakazisindikiza mwiniwake asakudziwa. Tadala anaseka. Ine ndinangomva fungo la ngumbi zokazinga.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino, ngumbi zinatuluka mpaka nkhuku kutopa nazo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, woweta mbuzi, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Bambo anali mkulu wa mpingo, munthu woletsa ngakhale kuimba mluzu pa Sabata. Tsiku lina amayi atakazinga ngumbi anandituma kukagawira akulu a mpingo anzawo a bambo, amayiwo n'kupita kudimba. Masamba a nthochi anali kutali, koma ndinkadziwa kuti m'denga mwasomekedwa kope. Kwa ine pepala linali pepala basi. Ndinang'amba, n'kukulunga bwinobwino, n'kugawa makomo asanu ndi limodzi.

M'kopemo amayi ankalembamo ndakatulo mobisa. Ina inali ya mlongo wanga amene anamwalira ali khanda, ina yofunsa Mulungu mafunso. Imene inafika kwa a Phiri, mlembi wa mpingo, inali ya bambo: mmene amayi ankawakondera, ngakhale bambowo ankaliza mkonono pakati pa pemphero lawo lomwe.

A Phiri anaiwerenga mokweza pamsonkhano wa akulu pansi pa mtengo wa mango, pepala likuwala mafuta, phiko la ngumbi litamatirira pa dzina la bambo. Mkulu wina anatsamwa pofuna kubisa phwete. Koma mlandu unali waukulu: mkazi kufalitsa zolemba mwamuna wake asanalole, chilango chake kuimitsidwa Mgonero. Atafunsidwa amene anagawa mapepalawo, amayi anandiyang'ana kamodzi pamene ndinabisala kuseri kwa tchalitchi.

"Ndinakulunga ndekha," anatero.

Ine sindinatuluke kukaulula, ndipo akuluwo anawaimitsa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi.

Panthawiyo ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kuwononga kope logula kusitolo. Pano ndikudziwa kuti amayi sanagwirenso cholembera mpaka imfa yawo, ndipo sindinawapepese. M'mawa wotsatira chigamulocho ndinasiya mbuzi zikulira m'khola, n'kupita kusukulu, kukakhala pansi pakati pa tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi, mawondo ali m'makutu.