Kashelefu ka Pambali pa Thandala

Atate anabwera kwathu ku Nyimba m'nyengo yotentha, atapezeka ndi chifuwa chachikulu. Amayi anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo kumudzi ku Kaumbwe kunalibe wowakumbutsa kumwa mankhwala. Anesi anandiuza mosapita m'mbali kuti mapilitsiwo ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo munthu akalekezera panjira matenda amabwerera ali olusa kuposa poyamba. Ndinawatenga ine mwana wawo woyamba, ndi kachikwama ka zovala ndi chipewa chawo chakutchalitchi. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti atate akhale pakhomo panga mpaka pilitsi lomaliza.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale, ndipo tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi, ya zipinda ziwiri ndi kakhitchini koti anthu awiri sangapatukiranemo. Mwamuna wanga ndi wa kuchigawo chakumpoto, anabwera kuno ndi ntchito ya boma. Si munthu woipa, koma pa nkhani ya matenda ndi wamantha, ndipo tinali ndi mwana amene anali atangoyamba kukwawa ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene wapeza. Apongozi ake akatsokomola m'chipinda, iye ankanyamula mwana n'kutuluka naye panja ngati wakumbukira kanthu kena.

Mbale zathu zinalibe malo ake. Ndikatsuka ndinkaziunjika m'beseni, madzi n'kutsalira pansi, mphemvu n'kumachitiramo msonkhano. M'mawa wina atate anandipeza ndikupukuta makapu ndi chitenje, ndipo anapukusa mutu. Anati amayi anga akanakhala moyo akanandikoka khutu: mkazi wamkulu, mphunzitsi wa ana a eni, pakhomo popanda thandala loyanikapo mbale. Anapempha nkhwangwa kuti akadule mphanda ndi nsungwi. Mwamuna wanga anakana mwaulemu, akuti pano chiswe sichichedwa, bola tipangitse lachitsulo kwa wowotcherera wa kumsika. Ndinaopa kuti atate akhumudwa, koma anangoseka.

"Chitsulo kapena mtengo, nzelu ni imodzi," anatero. "Bweletsani pepala, amake mwana."

Masana atatu otsatizana, ndikaweruka kusukulu, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pepala limene ndinang'amba m'kope la mwana wa sukulu. Ine ndinkagwira pensulo, iwo ankagwira nzeru. Anandiimiritsa n'kundiyeza ndi mkono kuyambira pansi mpaka m'chiuno, akuti thandala amayezera pa mwini wake, lisamuweramitse ndiponso lisamunyang'amitse. Pamwamba anati pakhale mawaya oimikamo mbale cham'mbali kuti mphepo izidutsa pakati. Mapoto akhale pansi, ovundikira. Makapu akhale pa tizitsulo tosongoka, chadodolido, kuti madzi asagone m'kati. Pansi penipeni pakhale lata lopendekeka pang'ono lokhetsera madzi ku chidebe, ndipo miyendo iime m'zitini za phulusa kuti nyerere zibwerere pomwepo. Tinakangana za kutalika kwake. Ine ndinkafuna lalikulu loti anthu aone, iwo anati likhale lopepuka, loti anthu awiri n'kulitulutsa padzuwa m'mawa n'kulilowetsa mvula ikayamba.

Masiku atatu amenewo atate anadya bwino. Anandiuza za thandala loyamba limene anamangira amayi atangosamuka kumene kuchoka ku Katete, limene mbuzi inagwetsa tsiku lomwelo chifukwa anakumba maenje osaya pothamangira kukaonetsa luso. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chibwerere iwo.

Koma panali chinthu chimene atate sankadziwa. Kuyambira sabata yoyamba, mbale yawo ndi kapu yawo zinali ndi kadontho kofiira kunsi, kamene ndinapaka ndekha ndi kyutekisi, utoto wopaka m'zikhadabo. Ndinkazitsuka pomalizira, pazokha, n'kuzibisa kuseri kwa ndowa. M'beseni zimenezi zinkabisika. Pa thandala loonekera mbali zonse sizikanabisika ayi.

Mwamuna wanga ndiye anayambitsa nkhaniyo titamaliza kudya madzulo, atate atalowa m'chipinda. Anayang'ana pepala lija n'kufunsa kuti mbale ya apongozi izikhala pati. Ndinamuuza zimene anesi anandiuza, kuti matendawa amayenda ndi mpweya wa chifuwa, osati ndi mbale, ndiponso kuti munthu akamwa mankhwala kwa masabata angapo kuopsa kumachepa. Ndinkadziwa zimenezi bwinobwino, ndinali nditaziphunzitsapo ana m'kalasi. Iye sanatsutse. Anangondifunsa kuti mwana akadzayamba kutsokomola ndidzanena chiyani. Kunena zoona mantha ake anali anganso.

M'mawa wake, popita kwa wowotcherera, ndinaima pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu, ndinatsamiritsa pepala pa bondo, n'kujambula kashelefu kakang'ono kumbali ya thandala. Mawaya awiri oimikamo mbale imodzi, kachitsulo kamodzi ka kapu. Wowotchererayo anayang'ana n'kufunsa kuti nanga aka n'kachani. Ndinati n'ka sopo. Anati sopo safuna mawaya. Ndinapsa mtima ngati wanditukwana, n'kumuuza kuti awotcherere basi zimene zalembedwa.

Thandala linabwera pa njinga patatha masiku anayi, lopakidwa penti yobiriwira. Atate anadzuka pampando n'kulizungulira pang'onopang'ono. Analigwedeza, anagogoda lata ndi chala, anathirapo madzi a m'kapu kuti aone kumene alowere, n'kuyamikira kuti mnyamatayo ntchito amaidziwa. Kenaka anafika kumbali kuja n'kuima.

"Aka sitinajambule."

"N'ka sopo, atate."

Anaika chikhato chawo pakati pa mawaya awiri aja, n'kukhudza kachitsulo kaja ndi chala chachikulu. Munthu amene wamanga mathandala moyo wake wonse sungamunamize pa muyeso wa mbale. Anabwerera pampando n'kuvala chipewa.

Masiku awiri ndinaikapodi sopo, ndipo mbale yawo ndinkaibisabe kuseri kwa ndowa. Tsiku lachitatu linali Loweruka, mwamuna wanga ali pakhomo, maso ake akunditsatira kuchokera ku beseni kupita ku thandala. Ndinachotsa sopo uja n'kuimika mbale ya atate pa kashelefu, kapu n'kuivundikira pa kachitsulo. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Kapu yovundikira imaonetsa kunsi kwake. Kadontho kofiira kaja kanali pamwamba, padzuwa, poonekera kwa aliyense wodutsa.

Woyamba kuona anali mkazi wa mphunzitsi mnzathu wa nyumba yoyandikana nayo, mayi wa pakamwa posatseka. Anabwera kudzaona thandala latsopano, analiyamikira, kenaka anakweza mawu ngati akulengeza m'tchalitchi.

"Mwachita bwino kupatula, amai. Matenda aya ni oyopsa, ise kwathu tinachita chimodzimodzi."

Atate anali pansi pa mango paja, mapazi khumi okha kuchokera pamene tinaima. Sindinacheuke. Ndinapitiriza kupukuta poto amene anali atauma kale.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panalowa bata loipa. Atate sanakalipe, sanadandaule, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anayamba kudya pang'ono, kenaka anayamba kudzitsukira okha mbale. Akamaliza kudya ankadzuka, kutunga madzi, kutsuka, n'kukaimika mbaleyo pa kashelefu mosamala kwambiri, kapu n'kuitembenuza kuti kadontho kaloze kumwamba. Ndikati ndiwalandire ankati ndisavutike. Mwana akakwawira kumapazi awo ankabweza miyendo pansi pa mpando. Mwamuna wanga akawapatsa moni ankayankha ndi ulemu wochuluka, wonga wa munthu wobwera kudzapempha ntchito.

M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo la chipinda mpaka nditaona mapilitsi atamezedwa. Ndinkapita kusukulu mtima uli m'mwamba, ndipo pa bolodi ndinkalemba zolakwika mpaka ana kundikonza. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma kupepesa kunkafuna kuti ndivomere kuti ndinanama za sopo, ndipo manyazi anandimanga lilime. Tsiku lina atate anandifunsa ngati mitambo yayamba kusonkhana cha kummawa. Anati munda sudikira wodwala, ndiponso mlendo ndi mame. Ndinawauza kuti si alendo, ndi atate anga. Anangoyang'ana ku thandala.

Lachisanu lotsatira ndinaweruka masana n'kupeza mpando wa pansi pa mango uli wokha. Chikwama munalibe m'chipinda, chipewa panalibe pa msomali. Mayi wa pakamwa uja anandiuza kuti anawaona akukwera minibasi ya ku Petauke cha m'ma teni, akuti akukaona munda. Ndinathamangira kukhitchini osadziwa chimene ndikufuna. Mbale yawo inali pa kashelefu, koma sinali yoimika. Anaigoneka chagada, ndipo m'kati mwake munali mapilitsi onse otsala ndi khadi la kuchipatala. Kunali kutatsala miyezi itatu ndi masabata.

Mwamuna wanga atafika ndinamuonetsa mbaleyo. Ndinali ndi mawu ambiri, oipa okhaokha, koma pensulo yojambulira kashelefu kaja inali m'dzanja langa, osati lake. M'mawa kutacha ndinabereka mwana, ndinamanga mapilitsi, mbale ndi kapu m'chitenje. Iye anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu, ndipo minibasi itaima anati ndiwauze apongozi kuti iye walakwa. Ndinamuuza kuti akanene yekha.

Ulendo wonse ndinkawerenga masiku m'mutu. Dzulo anamwa, lero sanamwe. Ndikawapeza akana, ndidzatani? Pa Petauke ndinadikira galimoto ya kumudzi mpaka dzuwa kufika paliwombo, mwana akulira ndi kutentha. Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'nsidze.

Ndinawapeza kuseri kwa khitchini ya amayi. Thandala lakale linali litagwa chimwalirire amayiwo, ndipo atate anali akumanga lina. Mphanda zinali zitaima kale, nsungwi zitayalidwa, mbale za azakhali anga, amene ankawaphikira, zikuuma pamwamba. Atate anali atagwada kumbali, luzi lili kukamwa, akumangirira kanthu kena. Nditayandikira ndinaona kuti ndi kashelefu. Nsungwi ziwiri zoimikamo mbale imodzi, kamtengo kamodzi kosongola ka kapu. Anakamanga bwino kuposa ka wowotcherera uja.

Anamaliza mfundo kaye, n'kulavula luzi, n'kundiyang'ana.

"Zaka zonse izi namanga mathandala, nzelu iyi n'nalibe," anatero. "Mwaniphunzitsa ndimwe, aphunzitsi."

Sananene mwaukali, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka mpaka m'mafupa. Ndinalira pomwepo, mwana ali kumbuyo, azakhali akuyang'ana ali pakhomo. Ndinagwada n'kunena zonse, za kyutekisi, za pepala pa bondo, za sopo, ndiponso kuti anesi anali atandiuza zoona kuyambira pachiyambi. Kenaka ndinamasula chitenje, ndinatenga kapu ya kadontho ija, ndinatunga madzi mumtsuko n'kumwa theka. Theka linalo ndinawapatsa pamodzi ndi mapilitsi a tsikulo.

Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Kenaka analandira, n'kumeza.

"Mankhwala siyani, nizamwa," anatero. "Koma nizamwela kuno."

Ndinawachonderera mpaka Lamulungu masana, koma sanasinthe. Tinagwirizana ndi azakhali kuti aziwaona akumeza m'mawa uliwonse, khadi tinalisamutsira ku kiliniki yapafupi, ndipo ine ndinkakwera minibasi sabata iliyonse yachiwiri kukawerenga mapilitsi otsala. Mwamuna wanga anapita yekha kukapepesa, ndipo atate anamulandira bwino, anamuphera nkhuku. Atate anamaliza miyezi yonse isanu ndi umodzi, anachira, ndipo analima zaka zina zisanu ndi ziwiri.

Koma pakhomo panga sanagoneponso. Akabwera ku Nyimba ankafika m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo ndikawapatsa tiyi ankapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapu yawoyawo. Ankaseka, ankanyamula mdzukulu wawo, ankagwedeza thandala kuti aone ngati lidakali lolimba. Za kashelefu sitinakambeponso.

Thandalalo ndikadali nalo. Lasamuka nafe nyumba ziwiri, penti inasupuka, koma madzi amatsikirabe ku chidebe monga tinajambulira. Mwamuna wanga wanenapo kangapo kuti tilitengere kwa wowotcherera akadule kashelefuko, ine ndimakana. Masiku ano timaikapo sopo.