Tsiku limene bambo anakapempha kuti awathamangitse

Bambo anga anakhala ku Bindura, tauni ya migodi kufupi ndi Harare, zaka zambirimbiri osaphwanya lamulo ngakhale limodzi, ndipo zimenezi ndi zomwe zinatipweteka. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata, nayenda wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito pansi pa mgodi. Chitupa chawo chinkasonyeza kuti ndi mlendo, ndipo ife ana, ngakhale tinabadwira m'komboni momwemo, tinalembedwanso chimodzimodzi. Anzathu a Chishona akapsa mtima ankatitcha mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, pamene Blantyreyo sitinamuonepo n'kamodzi komwe.

Chiphunzitso cha bambo chinali chimodzi. "Ife kuno ndife alendo. Ukangolakwa pang'ono, akukweza lole mpaka kumalire." Choncho ankalipira laisensi ya wailesi, ya njinga, ngakhale ya galu wathu wowonda uja amene sankaluma n'komwe. Amayi akadali moyo ankawaseka kuti tsiku lina adzapempha chilolezo chotsokomolera.

Atapuma ntchito, mgodi unawapatsa ndalama zawo zonse kamodzi, ndipo zinalowa kubanki. Amayi anali atamwalira, azichimwene anga atabalalika, pakhomo titatsala awiri. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ya pulayimale. Bambo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kubwerera ku Dedza, kumanga kanyumba ka malata, kukafera kwawo. Ndalamazo zinali zokwana ulendo, malata, n'kutsalako ya mbuzi.

Chinawachedwetsa ndi pepala. Pasipoti analibe, chifukwa pobwera sanadzere pageti lililonse. Anzawo ena ankangokwera basi mpaka kumalire a ku Nyamapanda n'kuzemba kudzera kutchire, koma bambo anakana kwamtuwagalu. Anayamba kuyendera maofesi a ku Harare. Ofesi ya dziko lino inkati pitani kwa anthu akwanu, ya akwawo inkati bweretsani umboni woti munabadwira kumeneko. Umboni wake uti, munthu wobadwira m'nyumba ya udzu? Ankabwerako madzulo atapsa ndi dzuwa, n'kunena modekha kuti awauza kuti abwerenso mwezi wamawa.

Miyezi imeneyo ndi imene ndalama ya dziko inayamba kuwola. Mtengo wa buledi wa m'mawa sunali wa madzulo. M'masitolo mashelefu anayera, kutsala mchere ndi mapepala a kuchimbudzi. Aliyense amene anali ndi kanthu ankathamangira kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene amayi ena onyamula zikwama zazikulu ankasintha ndalama zathu kukhala marandi. Boma linkalengeza pawailesi kuti kutero ndi mlandu waukulu. Aphunzitsi anzanga ankasintha, akuluampingo athu ankasintha, ndipo akazi a apolisi tinkakumana nawo komweko.

Ndinawachonderera. "Baba, tapani zimene angakuloleni, ndikasinthe ine. Inu simudzaonekako."

"Akakugwira adzakufunsa chitupa. Akadzaona chitupacho, udzati chiyani?"

"Aliyense akuchita zimenezi."

"Aliyenseyo ndi kwawo kuno."

Ndinalusa tsiku limenelo, mpaka ndinamenyetsa chitseko, chinthu chimene sindinachitepo pamaso pawo. Iwo anangotsegula wailesi yawo. Nduna inali kulankhula kuti anthu asunge ndalama kubanki, zinthu zikhala bwino posachedwa. Bambo ankakhulupirira kuti boma likalankhula ndiye kuti lalankhula.

Wailesi yomweyo inkatiuzanso kuti atsogoleri a mayiko a kuno kumwera akumana, agwirizana kuti ndife banja limodzi, malire atseguke, malonda ayende. Malondawo ankayendadi. Pamsika panali shuga wa ku Mozambique, mafuta ophikira a ku Joni, sopo wa ku Botswana, zonse zogula ndi ndalama zakunja. Sopo ankadutsa malire awiri pa sabata imodzi, bambo anga akudikirabe sitampa.

Komboni inayamba kuopsa. Belu la mgodi linkalira mwa apo ndi apo, ndipo amuna ankangokhala pansi pa mitengo masana onse, osalankhula zambiri. Achinyamata anathawira ku Mazowe kukakumba golide m'mbali mwa mtsinje, ena osabwerako. Nyengo ya chisankho itayandikira, malole odzaza anyamata oimba anayamba kudutsa mumsewu wathu pang'onopang'ono, akuyang'ana nyumba imodziimodzi. Ife sitinkaloledwa kuvota, komabe ankatiwerengera kumbali yotsutsa boma. Pamzere wa kubanki bambo anandiletsa kulankhula Chichewa, tinkanong'onezana m'Chishona ngati anthu obisa maliro.

Kumzereko ankapita m'mamawa atanyamula kampando. Banki inali ndi malire a ndalama zimene munthu angatape pa tsiku, ndipo zimenezo sizinkakwana minibasi yobwerera kunyumba. Kenako boma linadula maziro pa ndalama, patapita nthawi linadulanso. Bambo anafunsa mtsikana wa pakauntala kuti m'buku mwawo mwatsala zingati. Mtsikanayo analemba pakapepala, n'kuwapatsa osawayang'ana kumaso.

Pepala la ulendo linatuluka patatha pafupifupi zaka ziwiri, ndipo linali la miyezi yochepa chabe. Ntchito ya moyo wawo wonse pansi pa nthaka sinathenso kugula tikiti yofika ngakhale ku Nyamapanda. Mabasi a ku Malawi ankafuna marandi okhaokha. Malipiro anga a mwezi ankathera pa kabichi ndi kandulo, moti kusukulu ndinali nditasiya kupita. Ndinayesa kwa azichimwene, koma nawonso anali pa moto womwewo. Pepalalo linkatha mphamvu tikuliyang'ana.

Kutatsala sabata imodzi, ndinawapeza m'mawa atavala suti yawo ya kutchalitchi, nsapato atapolisha, chikwama chaching'ono chili m'manja.

"Undiperekeze," anatero.

Sindinafunse kuti tikupita kuti. Tinayenda wapansi mpaka m'tauni, ndipo ndinangoona akukhotera kupolisi. Pakauntala panali wapolisi wachinyamata, wowonda, kolala ya yunifolomu itachita kumukulira. Bambo anavula chipewa, naika chitupa patebulo.

"Mwanangu, ine ndine mlendo m'dziko muno. Ntchito ndinamaliza. Ndabwera kuti mundibweze kwathu."

Wapolisiyo anatembenuza chitupacho uku ndi uku. "Mati kudii, sekuru?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti mwati chiyani, agogo.

"Ndati mundikweze lole ija. Ya kumalire."

Mnyamatayo anayang'ana ine, kuganiza kuti mwina mdalayo mutu wasokonekera. Ine ndinayang'ana pansi. Manyazi anandigwira, mkwiyo unandigwiranso, osadziwa woukwiyira. Iye anafotokoza mwaulemu, m'Chishona, kuti bambo alibe mlandu, mapepala awo ndi olongosoka kuposa a anthu ambiri.

"Nanga ndilakwe chiyani kuti mundikweze?" bambo anafunsa, ndipo sankaseka.

"Mukalakwa tikutsekerani mommuno, sekuru, chakudya azikubweretserani mwana wanuyu. Lole ilibe dizilo kuyambira mwezi watha. Ngakhale ife tikumayenda wapansi. Dzokerai kumba, bwererani kunyumba."

Bambo anatola chitupa chawo patebulo. Kenako anathokoza, nabweza chitupa m'thumba la mkati, navala chipewa. Pobwerera ndinafuna kuwalandira chikwama koma anakana. Tinadutsa kuseri kwa depoti, pamene amayi aja anali pa malonda awo poyera, wapolisi wina ataima pambali kudikira kuti amusinthire. Bambo anaona zonsezo. Ndinali nditakonzeka kuwauza kuti ndinkanena ine, mawuwo anali kale pakamwa, koma nditaona mmene ankakokera miyendo ndinawameza.

Titafika pamphambano yolowera kukomboni anakhala pa mwala kuti apume.

"Uli ndi pepala kunyumba?"

"Lilipo, baba."

"Ulembere azakhali ako ku Dedza. Mlongo wangayo wakhala akundisungira malo omangapo nyumba, pafupi ndi manda a amayi athu, ndipo wakangana ndi anthu ambiri chifukwa cha ine. Umuuze kuti asakanganenso. Malowo apatse ana ake."

Ndinati tidikire, mwina zinthu zisintha chaka chamawa. Anapukusa mutu.

"Ulembe m'Chichewa chabwino, osasakaniza ndi Chishona chakocho. Asadziwe kuti tinatayika chonchi."