Chiphaso cha adada Gondwe

Ine wa ku Bolero, sitima ya pamtunda ndinayamba kuiona ndili wamkulu kale. Kwathu kuno ku Rumphi njanji timangoiona pa chithunzi cha m'buku la kusukulu. N'chifukwa chake anthu akamva kuti ntchito yanga yoyamba inali yoboola matikiti m'sitima amaseka, ena n'kumandifunsa ngati ndikunena ya panyanja.

Ntchitoyo anandipezera ndi amalume anga a ku Limbe. Nditamaliza Fomu 4 ndinangokhala pakhomo kusankha fodya wa bambo mpaka zala kuda. Amalumewo, amene ndi mkulu wa mpingo, anamva potuluka m'tchalitchi kuti kunjanji akufuna achinyamata othandiza m'mabogi a anthu. Anandiimbira foni tsiku lomwelo. "Tiwonge, tenga setifiketi ndi siketi yakuda, ukwere basi. Usayambe zofunsafunsa." Ndinapita, anandifunsa mafunso, n'kundilemba moyeserera.

Zida anandipatsa zochepa: malaya a yunifolomu, chikwama chachikopa chokoleka paphewa, kabuku kolembera matikiti a anthu okwerera m'njira, ndi panchi, kachitsulo konga pulayazi koboolera tikiti. Wezulo, mbendera yofiira ndi yobiriwira komanso ovaova yolankhulira ndi dalaivala zinali za agaladi, amene ndiwo mwini sitima ikakhala paulendo. Tikiti umailandira ndi dzanja lamanzere, kuona tsiku ndi kumene munthu akutsikira, n'kuboola pakona. Ukaboola pa dzina la siteshoni walakwitsa. Umayenda utatangadza pang'ono kuti bogi ikagwedeza usagwere pa lichero la tomato la eni ake. Pa masiteshoni a kutchire, pamene palibe chiunda chokwerera, umatsika msanga, kukweza ana ndi mitolo, n'kukwezera agaladi dzanja kuti bogi yako yatha.

Panali malamulo awiri amene ndinkaona ngati opanda vuto. Loyamba, wantchito sayenda ndi ndalama yake m'thumba, amaisiya ku ofesi, kuopa kusakaniza ndi ya kampani. Lachiwiri, matikiti sitinkaona pakhomo. Anthu ankakwera mopanikizana, sitima n'kunyamuka, ndiye ife n'kuyamba kuyendera. Wopezeka wopanda tikiti ankagula pomwepo ndi chindapusa pamwamba, akalephera ankatsitsidwa pamalo oimapo otsatira, kaya pali mudzi kaya palibe.

Agaladi athu anali a Chikakuda, bambo wa mimba yake, wa nsapato zowala nthawi zonse. Dzina langa sanalitchulepo n'kamodzi komwe. Kwa iwo ndinali "wakumpoto". Ndikalankhula ankatsanzira kamvekedwe ka Chichewa changa pamaso pa anthu, okha n'kuseka. Ndinkangoluma mano, poti ndinali woyeserera ndipo siginecha yawo ndiyo inali kudzandikhazika pantchito.

Nthawi imeneyo zinthu kunjanji zinali kusintha. Maulendo a sitima ya anthu anachepetsedwa, ife n'kumaima padzuwa kudikira kuti sitima ya katundu idutse. Kenaka m'mawa wina anatisonkhanitsa mu ofesi n'kutiuza kuti ziphaso zakale, zimene anthu opuma pantchito ya njanji ankakwerera ulere ndi akazi awo, zathetsedwa. Tinauzidwa ndife, oboola matikiti. Eni ziphasowo, okalamba omwazikana m'midzi, palibe anapita kukawauza. Ndinafunsa kuti nanga adziwa bwanji. A Chikakuda anati, "Adziwira m'sitima."

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali la mwezi wa Okutobala, ulendo wochoka ku Limbe kupita ku Balaka. Titadutsa Lirangwe n'kuyamba kutsetserekera kuchigwa cha Shire, mpweya wolowa pazenera unali ngati wa muuvuni. Kumapeto kwa bogi yanga ndinapeza bambo wokalamba, wa jekete ndi tayi ngakhale kunali kotentha chotero. Pambali pake panali mayi woonda, atatsamira pa phewa lake, kamwa litakhotera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende. Pansi pa mpando panali sutikesi, ndowa ndi mphasa yokulunga.

Bamboyo anatulutsa m'thumba la jekete chiphaso chokutidwa ndi pulasitiki n'kundipatsa ndi manja awiri. Chithunzi chake chinali cha munthu wa tsitsi lakuda bii. Dzina linali Gondwe. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka Chitumbuka.

"Monire adada."

Nkhope yawo inawala. "Yewo, yewo chomene! Mwana wa kwathu m'sitima?" Anagwedeza akazi awo. "AnyaKumwenda, wa kwathu uyu!"

Anali a ku Hewe, m'boma lathu lomweli la Rumphi. Anandiuza kuti anabwera kumwera ali mnyamata, n'kugwira ntchito yoyendera njanji wapansi ndi hamala mpaka kukalamba. Mayiwo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo chichokereni kuchipatala mawu awo anali amodzi okha, akuti apite kwawo. Ndiye a Gondwe anagulitsa tinthu tawo, n'kupatsa mdzukulu wawo wa ku Balaka ndalama yonse kuti awagulire malo m'basi ya kumpoto ya tsiku lomwelo. Za sitima sanade nazo nkhawa. Ku Limbe mlonda wa pageti anaona chiphasocho, n'kuwachitira sawatcha, mpaka kuwathandiza kunyamula mayiwo.

Ndinaima ndi chiphasocho m'manja. Ndinkafuna mawu abwino owauzira. Sindinadziwe kuti a Chikakuda aima kumbuyo kwanga, ndipo amva moni uja.

"Ehe! Ndinanena ine," anatero mokweza kuti bogi yonse imve. "Akakumana amayamba chilankhulo chawo kuti tisamve. Bweretsa kuno."

Anachilanda, n'kuchiyang'ana ngati chanyansi. "Madala, ichi chinafa kalekale. Mwakwera mwachinyengo."

A Gondwe anaimirira n'kuvula chipewa. "Bwana, sindinamve. Pepani ndithu. Ndalama ili ndi mdzukulu wanga, akutidikira pasiteshoni ku Balaka. Tikangofika ndilipira zonse."

"Sitima si golosale ya m'mudzi."

Mayi wina wogulitsa tomato anamasula mfundo ya chitenje chake. "Tiyeni tisonkhe, anthuni, agogowa afike." Anthu anayamba kupisa m'matumba. Tikiti ya m'njira ndimalemba ndine, ndiye ndinatsegula kabuku kanga. A Chikakuda anakatseka ndi chikhato.

"Palibe kusonkha pano. Uwu ndi mlandu, osati maliro." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Wakumpoto, tikaima apa uwatsitsa ndiwe abale akowa. Ndikufuna ndione ngati umagwirira ntchito kampani kapena mtundu wako."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo thupi limanditentha. Lamulo silinkaletsa munthu kulipirira mnzake, tinkachita zimenezo ulendo uliwonse. Ndikanakhala ndi yanga m'thumba ndikanalipira mwakachetechete, koma inali m'kabati ku Limbe. A Chikakuda sankateteza kampani ayi. Ankafuna kundipinda pamaso pa anthu, ndipo chopindira anasankha mayi wosayenda. Ndikanati "muli bwanji" m'malo mwa "monire", mwina akanangolandira msonkhemsonkhe uja n'kupitirira. Moni wa kwathu ndiwo anausandutsa mlandu.

"Sindiwatsitsa," ndinatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati sindiwatsitsa, bwana. Mayiwa sayenda. Mukawatsitsa apa muwapha."

Sitima inaima. Malo ake panali kachikwangwani kadzimbiri, milu ya matumba a makala, ndi mlambe wopanda tsamba n'limodzi lomwe. Nyumba zinkaoneka kutali. A Chikakuda anaponya okha sutikesi pansi, ndowa n'kutsatira. Anthu anakuwa, ena kutukwana, koma anaopsezedwa kuti wolowererapo atsika naye. Aliyense anali ndi katundu wake wamalonda, ndiye anangokhala n'kumang'ung'udza. A Gondwe sanalimbane. Anawerama kuti abereke akazi awo, miyendo ikuwayawaya. Masitepe a bogi ndi aatali, ndipo pansi pake ndi miyala yokhayokha. Ndinaona kuti agwa onse awiri.

Ndinavula chikwama, n'kuika panchi ndi kabuku m'kati mwake, n'kuchikoleka m'khosi mwa a Chikakuda. Ndinabereka mayiwo ndi chitenje chimene mayi wa tomato uja anandiponyera, n'kutsika nawo chafutambuyo. Anali opepuka ngati mwana.

"Ukatsala pamenepo ntchito yatha!" anakuwa a Chikakuda.

Analiza wezulo, n'kukupiza mbendera yobiriwira.

Chimene chinandiliza si ntchito. Sitima itayamba kuyenda, a Gondwe anaima chilili m'mbali mwa njanji, maso ali pa mateyala, kuyang'ana bogi iliyonse ikamadutsa, monga ankachitira moyo wawo wonse. Bogi yomaliza itadutsa anakweza dzanja, kuuza dalaivala kuti zonse zili bwino. Sitima yomwe yawataya patchire! Ndinafuna kuwagwira dzanja lija n'kulitsitsa.

Tinayala mphasa mumthunzi wa tsinde la mlambe, umene unkangosuntha ife n'kumausatira. Madzi a m'botolo anatha msanga. Mayiwo milomo inauma, maso n'kumatembenuzika. Ndinathamanga kumudzi kuja ndi ndowa, ndipo kumeneko ndinapeza anthu amene sanafunse kuti ndife a mtundu wanji. Anatipatsa madzi ndi thobwa, bambo wina wootcha makala n'kumanga ng'ombe zake pa ngolo. Tinagwedezeka m'kanjira ka mabampu mpaka kumsewu wa tala, ine nditagwira chitenje pamwamba pa nkhope ya mayiwo kuwatchinga dzuwa. Pamsewu dalaivala wa lole ya simenti anatimvera chisoni n'kutinyamula. Ku Balaka tinafika basi itapita kale, mdzukulu uja akuzungulirazungulira pasiteshoni ngati wamisala. Tinagona pa khonde la sitolo, n'kuchonderera a basi ya m'mawa mwake kuti atitenge.

Ndinapita nawo mpaka kwathu, ndili mu yunifolomu yomweyo. AnyaKumwenda njira yonse sanalankhule kapena kudya. Dzuwa lija linawamaliza mphamvu imene inatsala. Titafika pa Njakwa, polowera ku Rumphi, a Gondwe anawadzutsa kuti aone mapiri, ndipo anatsegula maso pang'ono. Ku Hewe anafika, anagona m'nyumba ya kwawo, koma sabata sinathe. Abale ankatonthozana kuti chachikulu afikira kwawo. Ine sindinatonthozeke. Akanapanda kutsitsidwa, mayi aja akanafika akulankhula, akanaona mvula yoyamba, akanawatchula maina ana a achemwali awo amene anadzawazonda.

Nditabwerera ku Limbe kukabweza malaya anandiuza kuti ndinathawa ntchito sitima ili paulendo, ndipo palibenso zokambirana. Ndinafotokoza zonse. Bwana wa mu ofesi anamvetsera akusewera ndi foni, n'kunena kuti agaladi anatsatira lamulo. Amalume sanandilankhule kwa nthawi yaitali, ankati ndawachititsa manyazi kwa munthu amene anawathandiza kundipezera ntchitoyo. A Chikakuda ndinamva kuti anadzakwezedwa udindo.

Sitima ndimaikondabe, ndisaname. Ndi galimoto ya amphawi, imanyamula mbuzi, makala ndi odwala popanda kunyinyirika, ndipo anzanga ambiri amene ndinagwira nawo ntchito anali anthu abwino. Chimene sindidzakhululuka ndi kusintha lamulo mu ofesi, n'kulisiya kuti likamupeze munthu pakati pa tchire.

Pano ndimakweza anthu m'basi pa depoti ya Rumphi. Anzanga amati ndine wovuta, chifukwa ndimaima pakhomo penipeni n'kuona tikiti ya aliyense asanaponde sitepe. Mtengo ukakwera ndimaulengeza mokuwa, kawirikawiri, mpaka anthu kunyansidwa. Wondida andidere pomwepo, akadali pamalo pamene pali madzi, mthunzi ndi abale ake. Koma amene ndamulola kukhala pampando, zivute zitani, ndimakamufikitsa.