Gasi m'Ngalande ya pa Filingi

Zaka za chipani chimodzi zija ndinkaotcha chimanga m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lusaka, pafupi ndi filingi ina yothirira petulo ku Chongwe. Tinalipo amayi anayi, aliyense ndi mbaula yake. Tinkakhala m'mphepete mwa ngalande ya simenti yochotsa madzi a mvula pa filingipo, miyendo tili lende m'katimo. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, ankakhala kumunsi kwa tonse, ndipo mbaula yake ankaiika m'ngalande momwemo kuti mphepo isamalize makala.

Petulo ankasowa. Akabwera, magalimoto ankandanda mpaka kumsika, ife malonda n'kumayenda. Kuseri kwa mapampu kunali khola la waya losungiramo mabotolo a gasi wophikira. Ogula anali a m'mafamu akuluakulu ndi aphunzitsi angapo basi. Ife tinalibe nawo ntchito.

Tsiku lina m'mawa, mzere wa magalimoto uli wautali, dalaivala wa pafamu ina adagwetsa botolo lodzaza polikweza m'vaneti. Lidamenya pansi ndi mutu n'kuyamba kutulutsa mpweya. Wothira petulo, bambo wachikulire wa ku Nkomeshya, adaona kuti lili pafupi ndi mapampu. Adaligubuduza mpaka kukamwa kwa ngalande, nalisiya pomwepo. Izi ndidazimva pambuyo pake. Ife chidatipeza ndi fungo, ngati la kabichi wowola.

"Mulamu, mwamvera vamene vinunkha?" ndidafunsa.

"Ni chimbudzi cha pa filingi icho," adayankha, akukupiza makala ndi chikatoni.

Moto udabuka m'ngalandemo. Sudakwere m'mwamba, udangothamanga chapansipansi kulowera kubotolo kuja. Ine ndidakweza miyendo msanga. Chitenje cha mlamu chidagwira. Ndidamukokera kunja n'kumugwetsa, amayi enawo akumufunditsa masaka amene tinkanyamuliramo chimanga. Kumapampu anthu ankathawa kusiya magalimoto zitseko zili pululu. Botolo silidaphulike. Lidayaka kumutu kokhako mpaka gasi adatha.

Vaneti yomwe ija ndiyo idamutengera mlamu kuchipatala ku Lusaka. Adapita chimanga chili chachiwisi, adatuluka anthu akukolola. Miyendo yonse iwiri, kuyambira m'maondo kutsika, idasanduka mawanga oyera, ndipo khungu linkamukoka akamayenda.

Patapita sabata chichitikireni ngoziyo, kudabwera munthu wa boma woyendera mafilingi, pamodzi ndi tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Wa bomayo adatisonkhanitsa, natiuza kuti gasi ameneyu ndi wolemera, amatsata potsika ngati madzi. Tcheyamani adalamula kuti mbaula zonse ziwoloke msewu. Palibe adatsutsa. Khola la mabotolo adalisunthira kutali, naikapo zidebe za mchenga zopaka utoto wofiira.

Wothira petulo uja sadamuchotse ntchito. Mlamu atatuluka, bamboyo adabwera kwathu ndi paketi ya shuga, yemwe masiku amenewo munthu ankachita kumuimira pamzere. Adakhala pampando, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ine nenze kuganiza kuti gasi iyenda kumwamba monga utsi," adatero.

"Na ine sinenze kuziba," adayankha mlamu. Adalandira shugayo, nandiuza kuti nditereke madzi a tiyi.

Mlamu sadabwererenso kumsewu. Chaka chomwecho adapita kwawo ku Katete kukalima mtedza. Tsidya lija la msewu malonda sankayenda, chifukwa anthu a pamzere ankachita ulesi kuwoloka. Ndidapirira nyengo ina imodzi, kenako ndidapeza benchi mumsika n'kuyamba kugulitsa tomato.