Bambo Sikapanki Amene Ndinawagwira Chanza

Nthawi imene ndinkafunsira Esinati wa ku Limbuli, achimwene ake, a Zuze, anabwera kuchokera ku Joni ndi kaseti ya nyimbo zotchedwa ska-punk. Malipenga ankalira mopikisana, magitala akuthamanga ngati munthu wothawa njuchi. Anyamata onse a pamsika anapenga nazo.

Tsiku lina masana ndili pakhonde pawo, a Zuze anandifunsa, “Alamu, ska-punk mumaidziwa?”

Ndikanangoti ayi. Koma Esinati anali pomwepo, akumvetsera.

“Bambo Sikapanki? Ndimawadziwa bwino,” ndinatero. “Atabwera kudzaimba ku Blantyre ndinawagwira chanza. Munthu wamtali, wandevu, wodzichepetsa kwabasi.”

A Zuze anatsitsa wailesi. “Ali bwanji masiku ano?”

Apa mpomwe ndikanalekera, koma ndinapukusa mutu mwachisoni. “Miyendo ikuwavuta.”

A Zuze anaseka mpaka kugwa pampando. Esinati ndiye anandinong’oneza kuti ska-punk si munthu, ndi mtundu wa nyimbo, monga tchopa.

Mwamwayi anandilolabe, ndipo ana athu akula. Koma mpaka lero tikakumana pachinkhoswe, a Zuze amavula chipewa n’kundifunsa pagulu, “Alamu, odwala aja adzuka bwanji?”