Dzimbiri la Mfuti ya Abwana

Nditangofika ku Joni, mavoti a ufulu atachitika kumene, ndinapeza ntchito ya m'munda ku Alberton, kwa madala ena achizungu, amasiye, a manja onjenjemera. Pakhoma la pabalaza pawo panali mfuti ya gogodela yomwe anasiya agogo awo. Sinkawombanso, inali yongokumbukira makolo.

Chinandipalamulitsa ndi pakamwa pangapa. Ndinawauza kuti kwathu ku Mulanje bambo anga anali nayo yotero, ndipo woisamala ndinali ine. Zoona zake, ndinangoionapo kawiri paphewa la amalume, ndili patali.

Tsiku lina anaitsitsa nandionetsa timadontho ta dzimbiri pampope wake. Anati Loweruka mwana wawo wamwamuna abwera kuchokera ku Germiston kudzaitenga, popeza inali nthawi yake yoisunga. Anandipatsa mafuta ndi kansalu kofewa, nati ndidonthezere, ndidikire, ndipukute pang'onopang'ono, basi. Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuseka. Dzimbiri n'kumalinyengerera ngati khanda? Kwathu khasu ndi poto timakwecha ndi mchenga.

Atapita kuchipatala, ndinatapa mchenga kuseri kwa galaja, ndinasakaniza ndi phulusa, n'kukwecha mpaka thukuta kamukamu. Dzimbiri linachoka. Unachokanso mtundu wakuda mofiirira uja, pamodzi ndi timaluwa tozokota tomwe tinali pachitsulopo. Mfuti inati mbee ngati sefuliya yatsopano, ine n'kumadzitama.

Atabwerako anaiyang'ana nthawi yaitali, akuisisita ndi chala. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti kuda kuja sikunali litsiro. Ndi kumene kunkateteza chitsulocho, ndipo manja a agogo awo ndi a bambo awo anadutsa pamenepo. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Loweruka tiyi ndinapereka ndine, chifukwa mayi wogwira ntchito m'nyumba anali atapita kwawo ku Tsakane. Mwana uja atavundukula bulangeti lomwe tinakulungira mfutiyo, nkhope yake inafiira. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani, maso ali pa ine. Ndinadziwa kuti ntchito ndi kachipinda kanga kogona zathera pomwepo.

"Ndine," anatero madala aja. "Maso anga sakuonanso bwino."

Ndinathira tiyi m'makapu awiriwo, ndinaika shuga pafupi, n'kutuluka. Manyazi ake ndimawamva mpaka lero. Ndili kukhitchini ndinkamva mwana uja akulalatira bambo ake, akuwanena kuti ukalamba wawalowa m'mutu, ndipo sindinabwerere kukanena kuti ndine.